Kusankha laisensi ya pulogalamu yaufulu: MIT, Apache, GPL ndi zapakati pake

Munthu akalemba pulogalamu ya pakompyuta n'kuika khodi yake, ndiko kuti malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo, poyera pa intaneti, ambiri amangoganiza kuti waipereka kwa aliyense woifuna, koma lamulo silionera nkhaniyi choncho. Malinga ndi pangano la Berne, lomwe linakhazikitsidwa mu 1886 ndipo mayiko ochuluka, kuphatikizapo Malawi, analilowa, umwini wa chinthu cholembedwa umayamba pa nthawi imene chalembedwa, popanda kukachilembetsa ku ofesi iliyonse, ndipo pangano la zamalonda la TRIPS la mu 1994 linaika mapulogalamu a pakompyuta m'gulu limodzi ndi mabuku. Choncho khodi yopanda laisensi ili ngati munda wa eni ake: mukhoza kuima m'mphepete n'kuuyang'ana, koma simungalowemo kukakolola. Kuikopera, kuisintha kapena kuigawira ena simuloledwa mpaka mwiniwake atanena yekha. Laisensi ndiyo kalata imene mwini khodi amanenamo zimene walola ndiponso zimene akufuna kuti wolandirayo atsatire.

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe pa nkhaniyi, chifukwa ife timasiyanitsa ulere ndi ufulu, pamene olankhula Chingerezi amatchula zonse ziwiri ndi liwu limodzi lakuti "free". Chimene Richard Stallman ankalimbikira pamene analengeza ntchito ya GNU, yolemba mapulogalamu aufulu oyendetsera kompyuta, mu 1983 n'kukhazikitsa bungwe la Free Software Foundation mu 1985 ndi ufulu. Wogwiritsa ntchito pulogalamu aloledwe kuiyendetsa pa cholinga chilichonse, kuphunzira mmene inalembedwera n'kuisintha, kugawira ena makope ake, ndiponso kugawa makope amene iye wasintha. Mtengo suli m'gulu la zinthu zinayizi, moti pulogalamu yaufulu ikhoza kugulitsidwa, ndipo ilipo yambiri yaulere imene ilibe ufulu uliwonse. Mu 1998 kunabadwa bungwe lina, Open Source Initiative, lomwe limayesa malaisensi ndi muyeso wakewake, koma malaisensi amene ndikuyerekeza pano onse amavomerezedwa ndi mabungwe awiriwa.

Pa ufulu wa munthu woyamba kulandira khodi, malaisensiwa sasiyana kwenikweni. Amasiyana pa munthu wachitatu. Wina akatenga khodi yanu, n'kuikonza, n'kuyamba kuigawa kapena kuigulitsa, kodi ali ndi udindo wopatsira anthu amene akuwagawirawo ufulu womwe uja iye analandira kwa inu? Malaisensi ena amati alibe udindo umenewo, ena amati ali nawo pa pulogalamu yonse, ndipo ena amati ali nawo pa mbali yokhayo imene inachokera kwa inu. Wolemba pulogalamu amene wayankha funsoli moona mtima wamaliza kale gawo lalikulu la ntchito yosankha.

Laisensi ya MIT, yochokera ku Massachusetts Institute of Technology m'zaka za m'ma 1980, ndi yaifupi kwambiri moti mawu ake sakwana 200. Imalola kugwiritsa ntchito, kukopera, kusintha, kuphatikiza ndi khodi ina ndiponso kugulitsa, ndipo chimene imapempha n'chimodzi chokha: uthenga wonena za umwini ndi mawu a laisensiyo zisachotsedwe m'makope. Imanenanso kuti wolembayo sakulonjeza chilichonse ndipo sadzayankha mlandu pulogalamuyo ikawonongetsa zinthu. Malaisensi a BSD, ochokera ku University of California ku Berkeley, ali ndi mtima womwewo. Yakale kwambiri inali ndi ndime zinayi, ndipo imodzi inkakakamiza aliyense wotsatsa malonda okhala ndi khodiyo kutchula dzina la yunivesite. Anthu ena atayamba kukopera ndimeyi n'kumaikamo mayina awo, mndandanda wa oyenera kutchulidwa unatalika mochititsa mantha, kufikira kuti Stallman anawerenga ziganizo zoterezi 75 mu pulogalamu yoyendetsera kompyuta ya NetBSD ya mu 1997. Yunivesiteyo inachotsa ndimeyi mu 1999. Lero pali BSD ya ndime zitatu, imene imaletsa kugwiritsa ntchito dzina la wolemba potsatsa chinthu chochokera ku khodi yake, ndi ya ndime ziwiri, imene pochita zinthu sisiyana ndi MIT.

Ubwino wa malaisensi omasukawa ndi woonekeratu. Kampani iliyonse imatha kutenga khodiyo popanda kukhalira pansi maloya, ndipo n'chifukwa chake imafalikira msanga. Mtengo wake ndi woti chimene chatengedwa sichiyenera kubwerera. Nkhani ya MINIX, pulogalamu yoyendetsera kompyuta, imaonetsa zimenezi bwino kuposa ina iliyonse. Andrew Tanenbaum, amene anailemba ndipo anali mphunzitsi pa Vrije Universiteit ku Amsterdam, anaika MINIX pansi pa laisensi ya BSD, ndipo mu 2017 anamva kudzera m'zofalitsa nkhani kuti kampani ya Intel inaika MINIX 3 m'kachigawo kobisika ka tchipi zake kotchedwa Management Engine. Pulogalamu yake inali kugwira ntchito m'makompyuta osawerengeka, itasinthidwa n'kutsekedwa, moti mwini kompyuta sakanatha kuiwerenga kapena kuisintha. Tanenbaum analemba kalata yapoyera yonena kuti sakudandaula, kungoti kukanakhala ulemu akanamuuza. Intel sinaphwanye lamulo lililonse, chifukwa laisensiyo inalola zimenezo. Aliyense wosankha MIT kapena BSD adzifunse ngati akanatha kulemba kalata yofatsa ngati imeneyo, ndipo ngati mtima ukumuuza kuti zikanamuwawa, asasankhe malaisensiwa chabe chifukwa choti ndi aafupi.

Laisensi ya Apache 2.0, yotuluka mu 2004, ndi yomasuka mofanana ndi MIT, koma imatseka khomo limodzi limene MIT ndi BSD sizinenapo kanthu, lomwe ndi la mapatenti, zikalata za boma zopatsa wotulukira njira yatsopano mphamvu yoletsa ena kuigwiritsa ntchito. Umwini wa khodi ndi patenti ndi zinthu ziwiri zosiyana: kampani ikhoza kukulolani kukopera khodi yake, koma n'kukhalabe ndi patenti pa njira imene khodiyo imagwirira ntchito. Mu Apache 2.0 aliyense wopereka khodi amaperekanso chilolezo cha mapatenti ake okhudza zimene waperekazo, ndipo wina akakasuma kukhoti kuti pulogalamuyo ikuphwanya patenti, chilolezo chake cha mapatenti pa pulogalamuyo chimatha tsiku lomwe wasumalo. Imafunanso kuti mafayilo osinthidwa alembedwe kuti asinthidwa, ndiponso kuti zolembedwa mu fayilo ya NOTICE, ngati ilipo, zitsagane ndi makope. Mbali yaikulu ya Android ndi Kubernetes, chida choyendetsera mapulogalamu pa maseva ambiri, zili pansi pa laisensiyi. Kwa munthu mmodzi wolemba kachida kakang'ono nkhani ya mapatenti ingaoneke yakutali, koma pa ntchito imene makampani akuluakulu adzaikamo dzanja, ine ndimaona kuti Apache 2.0 imaposa MIT, ngakhale kuti ndi yaitali kuwerenga.

Tsidya linalo kuli GNU General Public License, kapena GPL, imene inatuluka koyamba mu 1989, kachiwiri mu 1991 ndipo kachitatu mu 2007. Nzeru yake, yotchedwa copyleft, ndi yogwiritsa ntchito lamulo la umwini lomwelo pofuna kuti khodi isatsekedwe. Wogawa pulogalamu ya GPL, kaya waisintha kapena ayi, ayenera kupatsa wolandirayo khodi yonse, kapena lonjezo lolembedwa loti adzaipereka lomwe likhale ndi mphamvu kwa zaka zosachepera zitatu, ndipo pulogalamu yatsopano yomangidwa pa khodiyo iyenera kutuluka yonse pansi pa GPL. Saloledwa kuwonjezera ziletso zake.

Mantha ambiri amene anthu ali nawo pa GPL amachokera pa kusamvetsa nthawi imene udindowu umayamba. Umayamba pogawa basi. Bungwe likhoza kutenga pulogalamu ya GPL, kuisintha mmene likufunira n'kumaigwiritsa ntchito m'maofesi ake kwa zaka zambiri popanda kuonetsa munthu khodiyo. Likaganiza zoigawa, amene ayenera kulandira khodi ndi amene alandira pulogalamuyo, ndipo palibe ndime yokakamiza kutumiza zosinthazo kwa wolemba woyamba, ngakhale kuti wolandirayo ali ndi ufulu wozifalitsa kwa aliyense. Kugulitsa n'kololedwa pa mtengo uliwonse. Komanso chinthu chopangidwa pogwiritsa ntchito chida cha GPL sichisanduka GPL: chithunzi chokonzedwa mu GIMP ndi chanu, ndipo pulogalamu yomangidwa ndi GCC, chida chosandutsa khodi kukhala pulogalamu yoyenda pa kompyuta, ikhoza kukhala ndi laisensi iliyonse.

Phindu la udindowu linaoneka mu 2003, pamene anthu anatulukira kuti rauta, chipangizo chogawira intaneti, ya Linksys yotchedwa WRT54G inkayendera Linux, pulogalamu yaufulu yoyendetsera kompyuta, ndi khodi ina ya GPL koma khodiyo sinaperekedwe kwa ogula. Kampaniyo itapanikizidwa inaitulutsa, ndipo pa maziko amenewo mu 2004 panayambika OpenWrt, imene mpaka lero imapatsa moyo watsopano marauta a makampani osiyanasiyana, kuphatikizapo amene eni ake analeka kale kuwasamalira. Khodi ya rautayo ikanakhala ya BSD, palibe akanakhala ndi poyambira poifunsa. M'chaka chomwecho cha 2004 khoti la ku Munich linagamula mokomera Harald Welte, mmodzi wa olemba netfilter, mbali ya Linux yosefa zodutsa pa netiweki, pa mlandu wake ndi kampani ya Sitecom wokhudza khodiyo, ndipo chigamulocho chinasonyeza kuti GPL si mawu okongoletsa chabe koma woweruza amaitsatira.

GPL yachiwiri ndi yachitatu zimasiyana m'zinthu zofunika kuzidziwa. Kampani ya TiVo, yopanga makina ojambulira mapulogalamu a pa TV, inkapereka khodi ya Linux monga mwa lamulo, koma makina ake ankakana kuyendetsa pulogalamu iliyonse imene kampaniyo sinaisainire, moti wogula anali ndi khodi m'manja koma sakanatha kuika zosintha zake m'chipangizo chimene anagula ndi ndalama zake. GPL yachitatu inaletsa zimenezi pa zipangizo zogulitsidwa kwa anthu wamba, inaikamo chilolezo chomveka cha mapatenti, ndiponso inafewetsa chilango. Mu yachiwiri wolakwa amataya ufulu wake nthawi yomweyo, pamene mu yachitatu wolakwa koyamba amabwezeredwa ufuluwo akakonza cholakwacho pasanathe masiku 30 chiuzidwireni. Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux n'kuiika pansi pa GPL mu 1992, sanagwirizane ndi ndime ya zipangizo zotsekedwa ija, ndipo Linux inakhalabe pa GPL yachiwiri yokha. Makampani ena amaipewa yachitatuyi poyera: Apple inakhala zaka zambiri ikudalira bash 3.2, pulogalamu yolandira malamulo amene munthu walemba pa kompyuta, yomwe inali kope lomaliza la GPL yachiwiri, mpaka mu 2019 inasinthira ku ina yofanana nayo yotchedwa zsh. Wosankha GPL asamale kwambiri mawu akuti "kapena ina iliyonse yotuluka pambuyo pake", chifukwa ndi amene amatsegula njira yoti khodiyo idzaphatikizidwe ndi ya GPL yatsopano mtsogolo.

Pakati pa magulu awiriwa pali malaisensi amene amateteza khodi yanu yokha n'kusiya ya mnzanu. LGPL inalembedwera malaibulale, ndiko kuti zigawo za khodi zimene mapulogalamu ena amaitana. Pulogalamu yotsekedwa ikhoza kugwiritsa ntchito laibulale ya LGPL, malinga ngati zosintha pa laibulaleyo ziperekedwa ndiponso wogwiritsa ntchito angathe kuichotsa n'kuikapo ina yosinthidwa. Lamulo lomalizali linaganiziridwa pa zinenero monga C, ndipo m'mapulogalamu a pafoni kapena m'zinenero zimene zimamanga zonse kukhala fayilo imodzi limavuta kulitsata. Mozilla Public License 2.0, ya mu 2012, imadula malire pamalo osavuta kuwaona: fayilo imene ili ndi khodi ya MPL ikhalebe ya MPL ndipo zosintha zake ziperekedwe, koma fayilo yatsopano imene mwalemba nokha muipatse laisensi imene mukufuna. Firefox ndi LibreOffice zimatuluka motere. Ndimaona kuti MPL 2.0 imaiwalika mosayenera, chifukwa ili ndi chilolezo cha mapatenti, imalola kuphatikizidwa ndi khodi ya GPL, ndipo munthu amene si loya amatha kudziwa yekha pamene udindo wake wathera.

M'zipatala zathu muli zitsanzo za njira ziwiri mwa zimenezi. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umagwiritsa ntchito posonkhanitsa malipoti a zipatala, imapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo ndipo ili pansi pa BSD ya ndime zitatu. OpenMRS, yosungira mbiri ya odwala, imene inayambitsidwa mu 2004 ndi Regenstrief Institute pamodzi ndi Partners In Health ndipo yakhala ikugwira ntchito ku Neno, ili pansi pa MPL 2.0 yowonjezedwa chodzikanira chokhudza zachipatala. Kontrakitala akasintha OpenMRS n'kuipereka ku chipatala, laisensi imamukakamiza kupereka mafayilo osinthidwawo. Akasintha DHIS2, laisensi simukakamiza chilichonse chotere, ndipo bungwe lomulemba ntchito likafuna khodiyo liyenera kulemba zimenezo mu kontrakiti. Kusiyanaku n'kochepa pa pepala, koma kumakula tsiku limene thandizo la ndalama latha, kontrakitala wachoka, ndipo pakufunika munthu wina woti apitirize ntchitoyo.

GPL ili ndi mpata umodzi umene unakula pamene mapulogalamu anasamukira pa intaneti. Kampani imene ikuyendetsa pulogalamu pa seva yake, anthu n'kumaigwiritsa ntchito kudzera pa webusaiti, sikugawa kope lililonse, choncho udindo wopereka khodi suyamba. GNU Affero GPL yachitatu, ya mu 2007, inawonjezera ndime yotseka mpatawu: wosintha pulogalamuyo n'kulola anthu kuigwiritsa ntchito kudzera pa netiweki ayenera kuwapatsa njira yotengera khodi yosinthidwayo. Mastodon ndi Nextcloud zinasankha AGPL pa chifukwa chimenechi. Mtengo wake ndi woti makampani ena saikhudza n'komwe, ndipo Google ili ndi lamulo lolembedwa poyera loletsa antchito ake kugwiritsa ntchito khodi ya AGPL m'ntchito za kampaniyo. Pa pulogalamu imene moyo wake wonse uli pa seva, GPL wamba imateteza zochepa kwambiri, moti wofuna copyleft pamenepo ayenera kupita ku AGPL akudziwa kuti ena adzamutalikira.

Chinthu china chimene dzina la laisensi silionetsa ndi choti mwini khodiyo ndani. Mu 2018 kampani ya MongoDB inachoka pa AGPL n'kulemba laisensi yakeyake yotchedwa SSPL, imene Open Source Initiative sinaivomereze. Elastic inachoka pa Apache 2.0 mu 2021, HashiCorp inachotsa Terraform pa MPL 2.0 mu 2023, ndipo Redis inachoka pa BSD mu 2024. Makope akale anakhalabe aufulu, chifukwa chilolezo choperekedwa kale sichilandidwa, ndipo n'chifukwa chake anthu ena anapitiriza makope akalewo paokha, ndipo panaphuka nthambi monga OpenSearch, OpenTofu ndi Valkey. Elastic ndi Redis pambuyo pake zinawonjezera AGPL pa malaisensi awo. Pamene laisensi inali yomasuka, kutseka makope atsopano kunali kololedwa kale. Pamene inali ya copyleft, kusinthako kunatheka chifukwa opereka khodi anali atasainira mapangano opatsa kampani imodzi mphamvu yosintha laisensi. Linux ilibe pangano lotere: aliyense wopereka khodi amakhalabe mwini wa gawo lake, ndipo eni akewo ndi ochuluka kwambiri moti palibe kampani kapena munthu mmodzi amene angaitseke. Choncho musanathere miyezi yanu pa ntchito ya ena, werengani pangano limene akukupemphani kusainira mosamala ngati mmene mwawerengera laisensi.

Malaisensi aufulu sakwatirana onse. Khodi ya MIT ndi ya BSD ya ndime ziwiri kapena zitatu imalowa mu pulogalamu ya GPL popanda vuto, koma ya GPL singatembenuzidwe kukhala MIT. Apache 2.0 imagwirizana ndi GPL yachitatu koma osati yachiwiri, chifukwa ndime yake ya mapatenti imawerengedwa ngati chiletso chowonjezera. ZFS, pulogalamu yosanja mafayilo pa disiki imene kampani ya Sun inaitulutsa mu 2005 pansi pa laisensi ya CDDL, mpaka pano sinalowe mu khodi yaikulu ya Linux pa chifukwa chofananacho. Ndiye laisensi ya pulogalamu yanu simuisankha muli nokha, popeza malaibulale amene mwagwiritsa kale ntchito amakhala atakuchepetserani njira.

Pali njira zitatu zimene sindingalangize. Kudzilembera laisensi kumabala mavuto ngakhale cholinga chili chabwino: laisensi ya JSON inatenga mawu a MIT n'kuwonjezera chiganizo chimodzi chofuna kuti pulogalamuyo igwiritsidwe ntchito pa zabwino osati pa zoipa, ndipo popeza palibe khoti lingapime zimenezo mofanana kwa aliyense, Debian ndi Fedora, magulu osonkhanitsa ndi kugawa Linux, zinaiwerengera m'gulu la malaisensi opanda ufulu. Malaisensi a Creative Commons ndi abwino pa zithunzi ndi zolemba, koma bungwelo lenilenilo limalangiza kuti asagwiritsidwe ntchito pa mapulogalamu, ndipo amene amaletsa malonda sali aufulu n'komwe. Kungolengeza kuti khodi ilibe mwini, monga inachitira SQLite, pulogalamu yosungira deta, sikuzindikiridwa m'malamulo a mayiko ena, moti kampani yosamalira SQLite imagulitsa chikalata chotsimikizira chilolezo kwa amene akuchifuna.

Maganizo anga ndi awa. Pa kachida kakang'ono kapena laibulale imene cholinga chake n'choti ifike paliponse, Apache 2.0 ndiyo yoyenera, pokhapokha ngati ikufunika kulowa mu khodi ya GPL yachiwiri yokha, pamene MIT imathandiza. Pa pulogalamu yathunthu imene anthu wamba, sukulu kapena zipatala zidzadalira, ndimakondera copyleft, GPL yachitatu ngati imaikidwa pa kompyuta ya munthu ndi AGPL ngati imakhala pa seva, chifukwa gulu laling'ono lilibe ndalama zopikisana ndi kampani imene yatenga ntchito yake n'kuitseka, ndipo laisensi ndi chitetezo chokhacho chimene lili nacho. Pamene copyleft yathunthu ingathamangitse anthu amene mukufuna kugwira nawo ntchito, MPL 2.0 imasunga mbali yanu popanda kulanda yawo.

Chisankhochi chichitike khodi isanalandire dzanja la munthu wachiwiri, ndipo amene analemba khodiyo ali pa ntchito yolembedwa ayambe waona ngati kontrakiti yake sinapereke umwiniwo kwa abwana ake. Mukadali mwini nokha mukhoza kuchoka pa GPL kupita ku MIT tsiku lililonse, koma makope amene anatuluka kale pansi pa MIT simungawaitanitsenso. Opereka khodi akachuluka, kusintha kumafuna chilolezo cha aliyense wa iwo. OpenSSL, laibulale yoteteza mauthenga a pa intaneti, inayamba kulembera makalata opereka khodi ake mu 2017 kuwapempha kuti avomere Apache 2.0, ndipo kope loyamba lokhala ndi laisensiyo, OpenSSL 3.0, linatuluka mu Seputembala 2021.